Ngati ochita masewera amayezedwa chonchi, ogwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa amadutsira pati?

Mtsatamipikisano analemba:

Moni nonse. Bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera padziko lonse, lilipo kuyambira 1999, malabotale alipo, ndipo akatswiri otchuka amayezedwa kangapo pachaka. Komabe Lance Armstrong anapambana mpikisano wa njinga wa Tour de France kasanu n'kawiri asanalandidwe chilichonse, dziko la Russia linasinthitsa mkodzo ku Sochi mu 2014, ndipo mamendulo a ku London 2012 akhala akusintha eni ake patapita zaka. Kodi ofooka ndi makina oyezera, kapena ndi anthu amene akudya ziphuphu? Amene mukuidziwa bwino ntchitoyi, chonde tifotokozereni kuyambira pamene munthu wapereka mkodzo mpaka pamene chilango chatuluka, ndi pomwe pamabooka.

Wa_ku_Labotale analemba:

Ndiyambe ndi ndondomeko akulu, chifukwa ambiri amaganiza kuti munthu amangopatsidwa kabotolo n'kulowa kuseri yekha.

Wochita masewera akauzidwa kuti wasankhidwa amasaina pepala, ndipo kuchokera pamenepo womuperekeza samuchotsa diso mpaka mkodzo utaperekedwa. Kapu yokodzeramo amasankha yekha pakati pa zingapo zomata. Pokodza pamakhala woyang'anira, mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi, ndipo malaya amakwezedwa, kabudula amatsitsidwa, kuti woyang'anirayo aone mkodzo ukutuluka m'thupi. Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Mu 1978 pa Tour de France, Michel Pollentier anagwidwa ndi kathumba ka mkodzo wina kobisa m'khwapa, kolumikiza ndi kapaipi.

Mkodzo uyenera kukwana mamililita 90. Mwiniwake amaugawa m'mabotolo awiri, osachepera 30 m'botolo B ndi osachepera 60 m'botolo A, n'kutseka yekha. Chivundikiro chake chimapangidwa moti chikatsekeka sichitseguka osachiphwanya. Wotsalira m'kapu amauyeza ngati suli wamadzimadzi. Kulemera kwake poyerekeza ndi madzi kukakhala pansi pa 1.005, kapena 1.003 pamene mkodzo wafika mamililita 150, munthuyo amadikira n'kuperekanso wina, chifukwa kumwa madzi ambiri kumasukulutsa mankhwala. Papepala amalembanso mankhwala onse amene wamwa masiku 7 apitawo. Ku labotale kumapita nambala yokha, dzina ayi. Amayamba kuyeza A, ndipo akapezamo kanthu mwiniwake ali ndi ufulu wopempha kuti B atsegulidwe iye kapena womuimira alipo.

Makina ake si ofooka ayi. Amaona mankhwala ochepa kwambiri, mpaka mapikogalamu pa mililita. Chimene chimavuta ndi nthawi. Mankhwala okulitsa minofu amachoka m'thupi koma mphamvu imene munthu wapeza pochita nawo maphunziro olimbitsa thupi imatsala kwa milungu kapena miyezi. EPO, imene imachulukitsa maselo ofiira a magazi, ikabayidwa pang'onopang'ono imazimiririka mu mkodzo msanga, pamene selo lofiira limakhala m'thupi masiku pafupifupi 120. Choncho kuyeza munthu pa tsiku la mpikisano kumagwira osasamala okha. Kuyeza kothandiza ndi kodzidzimutsa, miyezi ingapo mpikisano usanafike.

Chinanso n'chakuti mankhwala ena amafanana ndi zimene thupi limapanga lokha. Pa testosterone amayamba kuona mmene ikuchulukira poyerekeza ndi epitestosterone. Zikapitirira 4 kwa 1, kapena zikasiyana ndi mmene munthuyo amakhalira nthawi zonse, mpamene amayeza ndi njira ya IRMS, imene imasiyanitsa kaboni wa testosterone ya m'fakitale ndi ya m'thupi. Njirayi ndi yodula ndipo sichitika pa botolo lililonse. Kuyeza EPO nakonso sikuchitika pa botolo lililonse, amene watumiza mkodzo ayenera kupempha ndi kulipira. Munthu wothiridwa magazi ake omwe, amene anawachotsa kale n'kuwasunga m'firiji, palibe njira yomugwirira mwachindunji.

Ndipo makina amapeza chimene auzidwa kufunafuna. Mankhwala a THG, a kampani ya BALCO ku California, ankadutsa osaoneka mpaka mu 2003 pamene mphunzitsi Trevor Graham anatumiza jakisoni wokhala ndi zotsalira zake ku USADA, bungwe la ku America lolimbana ndi mankhwala oletsedwa, labotale ya Don Catlin ku Los Angeles n'kuwazindikira.

Mlonda_wa_Malamulo analemba:

Zimene afotokoza anzathuwa n'zoona, koma milandu ikuluikulu imene mwatchula sinachitike chifukwa cha kuchenjera kwa mankhwala. Inachitika chifukwa anthu oikidwa kuti alondere ndiwo anatsegula chitseko.

Poyamba pamabookera pa kutsina khutu. Kuyeza kodzidzimutsa kumatha ntchito munthu akangodziwa tsiku. Asbel Kiprop wa ku Kenya, mwini mendulo ya golide ya mamita 1500 ya ku Beijing 2008, anapezeka ndi EPO mu 2017, ndipo bungwe la AIU, loona milandu ya othamanga, linavomereza kuti mmodzi mwa odzamuyeza anali atamuuziratu. Iye mwini ananena kuti anatumiza ndalama pafoni kwa mmodzi wa iwo. Anagwidwabe n'kuletsedwa zaka 4, koma mukuona kuti ndondomeko yonse imatsamira pa munthu amene akugogoda pakhomo, yemwe nthawi zambiri malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi a womuyezayo.

Za ku Sochi zinali za boma lenileni. Grigory Rodchenkov, amene anali mkulu wa labotale ya ku Moscow, anafotokoza yekha mu 2016 mmene zinkayendera. Miyezi ingapo masewera asanayambe, akatswiri osankhidwa ankapereka mkodzo wopanda mankhwala n'kuusunga m'firiji. Nthawi ya masewera, usiku, mabotolo awo ankadutsa pa kabowo koboola pakhoma la labotale kupita kuchipinda china, a FSB, bungwe la ukazitape la boma la Russia, n'kuwatenga n'kuwabweza atatsegulidwa, chivundikiro chili bwinobwino. Mkodzo woipa unkatayidwa, wabwino n'kuthiridwa, n'kuonjezamo mchere kapena madzi kuti ufanane ndi nambala imene inalembedwa papepala masana. Chinawaulula pambuyo pake ndi zing'onozing'ono. Richard McLaren, loya amene WADA inamutuma, atafufuza, akatswiri ake anapeza zokalika mkati mwa zivundikiro, mchere wochuluka moti munthu wamoyo sangatulutse, komanso DNA ya mwamuna mu mkodzo wa akazi awiri osewera hockey. Lipoti lake la Disembala 2016 linati anthu oposa 1,000 a m'masewera oposa 30 anapindula ndi chinyengochi pakati pa 2011 ndi 2015. Kunja kwa Sochi njira imene ankaigwiritsa ntchito kwambiri inali ina. Labotale ikapeza mankhwala inkayamba yafunsa ku unduna wa zamasewera, ndipo unduna ukati munthuyu atetezedwe, zotsatira zinkalowa m'kompyuta ya WADA ngati zoyera.

Koma pomwe pamadyedwa ndalama zambiri ndi pambuyo pa labotale, pamene zotsatira zafika ku bungwe loyendetsa masewerawo kuti litsegule mlandu. Apa mpomwe pali nkhani ya Lamine Diack, amene anatsogolera IAAF, bungwe la othamanga padziko lonse, kuyambira 1999 mpaka 2015. Othamanga a ku Russia amene magazi awo ankakayikitsa ankauzidwa kuti alipire kuti milandu yawo ichedwe, apite kaye ku London 2012 ndi ku mpikisano wa ku Moscow wa 2013. Liliya Shobukhova, amene anapambana Chicago Marathon katatu, analipira mayuro 450,000, ndipo mlandu utapitirirabe anamubwezera 300,000. Mu Seputembala 2020 khothi la ku Paris linagamula Diack zaka 4, ziwiri mwa izo zoimika, ndi chindapusa cha mayuro 500,000. Amene anali mkulu wa nthambi yolimbana ndi mankhwala oletsedwa ku IAAF komweko, Gabriel Dollé, anapezekanso wolakwa. Taonani kuti apa labotale inagwira ntchito yake molondola. Zotsatira zoona ndizo zinasanduka katundu wogulitsa.

Ku masewera onyamula zitsulo kunali chimodzimodzi. Lipoti la McLaren la 2020 linapeza milandu 40 ya mankhwala itakwiriridwa pa nthawi imene Tamás Aján ankatsogolera bungwe la masewerawo, ndi madola 10.4 miliyoni osadziwika kumene analowera. Zindapusa za mayiko ogwidwa zinkalipiridwa nthawi zina pamanja. Ku biathlon, masewera otsetsereka pachisanu ndi kuombera, amene anali pulezidenti wa bungwe lake, Anders Besseberg, anagamulidwa ku Norway mu 2024 chifukwa cha ziphuphu.

Gwero lake ndi limodzi. Bungwe limene limagulitsa masewera kwa makampani ndi mawayilesi a kanema ndi lomwelo limene linkayenera kugwira katswiri amene akubweretsa ndalamazo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. UCI, bungwe la opalasa njinga padziko lonse, inalandira ndalama za mphatso kuchokera kwa Armstrong iye akupalasabe, ndipo mu 1999 inavomereza kalata ya dokotala yolembedwa mobweza tsiku pamene anapezeka ndi cortisone. Amene anamugwetsa mu 2012 ndi USADA, makamaka ndi umboni wa anzake a m'timu.

Mtsatamipikisano analemba:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Nanga pasipoti ya magazi imene amaitchula ija imagwira bwanji ntchito? Ndipo bwanji ena amagwidwa patatha zaka 8 kapena 10?

Sing'anga_wa_Othamanga analemba:

Pasipoti imasiya kufunafuna mankhwala n'kuyang'ana zimene mankhwala achita m'thupi. UCI ndiyo inayamba mu 2008, WADA n'kutulutsa malamulo ake mu 2009, ndipo gawo loona mahomoni mu mkodzo linaonjezedwa mu 2014.

Amatenga magazi a munthu mmodzimodziyo kangapo, nthawi zosiyanasiyana, n'kutsata makamaka zinthu ziwiri: hemoglobin, ndi chiwerengero cha maselo ofiira aang'ono amene angopangidwa kumene, otchedwa reticulocytes. Munthu akabaya EPO kapena akachotsa magazi kuti asunge, maselo aang'onowa amachuluka chifukwa thupi likupanga atsopano. Akathiridwa magazi kapena akasiya EPO, hemoglobin imakhala pamwamba koma maselo aang'ono amagwa, chifukwa thupi laona kuti magazi akwana n'kusiya kupanga. Kuphatikizana kumeneku, hemoglobin pamwamba ndi maselo aang'ono pansi, ndi kovuta kukufotokoza mwachilengedwe, makamaka kukaoneka mpikisano waukulu uli pafupi. Kompyuta imaika malire a munthu aliyense malinga ndi zotsatira zake zam'mbuyo. Akatuluka m'malirewo katswiri mmodzi amaunika, kenako atatu ayenera kugwirizana onse, ndipo mwiniwake amapatsidwa mpata wofotokoza asanamuimbe mlandu.

Ubwino wake mungauone poyerekeza ndi lamulo lakale la UCI la 1997, loti magazi asapitirire 50 peresenti ya maselo ofiira. Lamulo limenelo linangosanduka mulingo woti aliyense afikepo, ndipo wopitirira ankathiridwa madzi amchere m'mitsempha oyeza asanafike.

Zimene zimaononga pasipoti ndi zambiri. Magazi sayenera kutengedwa pasanathe maola awiri munthu atachita maphunziro, ayenera kukhala pansi mphindi 10 asanabayidwe, ndipo magaziwo ayende ozizira osaundana n'kufika ku labotale msanga. Chimodzi chikalakwika, loya amachigwira n'kugwetsa zotsatirazo. Kukhala kumapiri atali, kudwala, kutaya magazi ndi mimba zimasinthanso manambala, n'chifukwa chake pepala limafunsa zonsezi. Komanso pasipoti ya mfundo ziwiri kapena zitatu pachaka siona kanthu. Kumene kulibe labotale pafupi, magazi amatengedwa mwa apo ndi apo, ndipo kumeneko ndi kumene onyenga amakonda kukachitira maphunziro.

Kuti munthu apezeke modzidzimutsa, akatswiri apamwamba amalemba m'kompyuta ya ADAMS kumene adzakhale, ndi ola limodzi tsiku lililonse pakati pa 5 koloko m'mawa ndi 11 koloko usiku limene adzapezeke pamalo amodzi. Kuphonya katatu m'miyezi 12 ndi mlandu wa zaka ziwiri, umene ungatsike mpaka chaka chimodzi. Apa pali mpata wodziwika. Munthu amene akudziwa kuti ali ndi mankhwala m'thupi angathe kungosiya kutsegula chitseko kawiri, popeza kawiri kulibe chilango, pamene kugwidwa ndi zaka 4.

Za kugwidwa mochedwa: mabotolo a masewera a Olimpiki amasungidwa oundana m'firiji, kale zaka 8, koma kuyambira 2015 zaka 10. Sayansi ikapita patsogolo amawatsegulanso. Chimene chinasintha zinthu ndi kupezeka kwa zotsalira za mankhwala okulitsa minofu a Turinabol ndi stanozolol zimene zimakhala mu mkodzo nthawi yaitali. Munthu amene anasiya mankhwala milungu ingapo mpikisano usanafike, poganiza kuti wayera, ankaoneka tsopano. Mmodzi mwa amene anafalitsa kafukufuku wa Turinabol ndi Rodchenkov yemwe uja. Oposa 100 a ku Beijing 2008 ndi London 2012 anagwidwa motere. Pa onyamula zitsulo aamuna a makilogalamu 94 ku London, ogwidwa anachuluka mpaka Tomasz Zieliński wa ku Poland, amene anamaliza pa nambala 9, analandira mendulo ya nambala 3. Zimandipweteka kuti mendulo yobwera patatha zaka sibweza makontirakiti ndi thandizo limene munthu woona mtima anataya pa nthawi imene anali pachimake.

Loya_Zamasewera analemba:

Ndionjezepo mbali imene sinatchulidwe, chifukwa tikangonena za onyenga tingaganize kuti aliyense wopezeka ndi mankhwala ndi wakuba.

Lamulo limati chilichonse chopezeka m'thupi mwako uli nacho mlandu, kaya unadziwa kaya sunadziwe. Cholinga chimangosintha kukula kwa chilango. Tsono makina akamaona zochepetsetsa, amagwiranso zimene zalowa mwangozi. Pa mpikisano wa mpira wa achinyamata osapitirira zaka 17 ku Mexico mu 2011, mabotolo 109 mwa 208 anali ndi clenbuterol chifukwa cha nyama, ndipo palibe analangidwa. Wopalasa njinga Alberto Contador anapezeka ndi mankhwala omwewo mu 2010, mapikogalamu 50 pa mililita, ananena kuti ndi nyama, koma khothi la zamasewera la CAS silinakhutire ndipo analandidwa Tour de France. Kuti chilango chichepe, munthu ayenera kusonyeza mmene mankhwala analowera. Izi zimafuna kuyezetsa botolo la mavitamini kapena mafuta amene akuwaganizira, nthawi zina tsitsi, kulipira akatswiri ndi maloya. Wolemera amakwanitsa m'masiku ochepa, wosauka amangolandira zaka 4. N'chifukwa chake wochita masewera aliyense ayenera kusunga botolo la chilichonse chimene amamwa pamodzi ndi nambala yake ya kufakitale, kuona mndandanda watsopano wa mankhwala oletsedwa umene umayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale chaka chilichonse, ndi kupempha chilolezo cha TUE asanayambe mankhwala a kuchipatala amene ali pamndandandawo. Wosewera tenisi Maria Sharapova anagwa mu 2016 chifukwa meldonium, imene ankamwa, inali italowa kumene pamndandanda.

Kusiyana kwa kaweruzidwe ndi kumene kukudya chikhulupiriro masiku ano. Osambira 23 a ku China anapezeka ndi trimetazidine kumayambiriro kwa 2021. Bungwe la kwawo linati mankhwala anachokera m'khitchini ya hotela, WADA sinachite apilo, ndipo dziko linamva mu Epulo 2024 kudzera mwa atolankhani, ena mwa osambirawo atapikisana kale ku Tokyo. Eric Cottier, amene anapatsidwa ntchito younika nkhaniyi, sanapeze kukondera. Koma Kamila Valieva wa ku Russia, mtsikana wa zaka 15 wotsetsereka pa madzi oundana, anapezeka ndi mankhwala omwewo ndipo CAS inamuletsa zaka 4 mu 2024. Mkodzo wake unatengedwa pa 25 Disembala 2021, zotsatira n'kutuluka mu Febuluwale 2022 atapikisana kale ku Beijing, moti mamendulo a matimu anakaperekedwa ku Paris patatha zaka ziwiri ndi theka. Ine ndimaona kuti kaya kufotokoza kwa ku China kunali koona kaya ayi, kusalengeza kunali kulakwa, chifukwa lamulo lobisika aliyense amaliganizira zoipa.

Kukula kwa vutoli musakuyeze ndi chiwerengero cha ogwidwa. Mabotolo opezeka ndi mankhwala amakhala pafupifupi limodzi pa 100 alionse. Koma kafukufuku wofunsa mwachinsinsi othamanga a pa mpikisano wa ku Daegu mu 2011 anasonyeza kuti osachepera 30 pa 100 alionse anali atagwiritsa ntchito njira zoletsedwa m'miyezi 12 ya m'mbuyo mwake, ndipo zotsatira zake zinakhala zosasindikizidwa mpaka 2017.

Mlonda_wa_Malamulo analemba:

Aloya anena bwino za kulengeza. Ndionjezepo kuti milandu yaikulu pafupifupi yonse inatulukira kwa apolisi, atolankhani kapena anthu am'kati. Mlandu wa timu ya njinga ya Festina mu 1998 unayamba ndi galimoto yogwidwa pamalire a France ndi Belgium. Wotchedwa Puerto mu 2006 unayamba ndi apolisi a ku Madrid amene anapeza matumba a magazi kwa dokotala Eufemiano Fuentes. Wotchedwa Aderlass mu 2019 unali wa apolisi a ku Austria ndi Germany. Wa Russia unayamba ndi Vitaly ndi Yuliya Stepanov, amene anajambula anzawo mobisa n'kupereka kwa mtolankhani Hajo Seppelt wa wayilesi ya kanema ya ku Germany ya ARD mu 2014, ndipo anathawa kwawo chifukwa cha zimenezo. Wapolisi angathe kutchera foni, kusecha nyumba ndi kutsata ndalama kubanki, zimene woyeza mkodzo alibe mphamvu yochita. Lamulo la ku America la 2020 lotchedwa ndi dzina la Rodchenkov limalola kumanga mpaka zaka 10 madokotala, aphunzitsi ndi ogulitsa mankhwala, osati ochita masewerawo.

Kusintha kwina kwachitika. AIU inakhazikitsidwa mu 2017 kuti milandu ya othamanga isadutsenso pa tebulo la pulezidenti wa bungwe, ndipo yaletsa akatswiri otchuka ambiri, kuphatikizapo eni mamendulo. ITA, bungwe loima palokha loyeza ochita masewera, inayamba mu 2018 ndipo tsopano ndiyo imayendetsa kuyeza pa Olimpiki komanso m'masewera onyamula zitsulo ndi opalasa njinga. Pomwe sipanasinthe ndi apa: kuyeza kwa tsiku ndi tsiku kumachitidwabe kwambiri ndi mabungwe a m'mayiko, amene ndalama zawo zimachokera ku boma lomwe likufuna mamendulo, ndipo WADA imalandira theka la ndalama zake ku IOC, komiti yoyendetsa Olimpiki, theka ku maboma. Russia itapereka zolemba za m'kompyuta ya labotale ya ku Moscow mu 2019 zitasinthidwa, WADA inapereka chiletso cha zaka 4, CAS n'kuchitsitsa kukhala ziwiri, ndipo akatswiri ake anapikisanabe ku Tokyo ndi ku Beijing pansi pa dzina la ROC, komiti ya Olimpiki ya dzikolo.

Wa_ku_Labotale analemba:

Mfundo imodzi yotsalira pa kusunga mabotolo. Kunja kwa mipikisano ikuluikulu, botolo limene lapezeka loyera labotale ingathe kulitaya patatha miyezi itatu ngati amene analitumiza sanapemphe kuti lisungidwe. Kusunga kumafuna firiji ndi ndalama, ndiye bungwe limene silikufuna kuti katswiri wake adzaonekere mtsogolo silifunika kupereka chiphuphu kwa aliyense, limangokhala chete mpaka miyeziyo ithe. Rodchenkov anataya mabotolo 1,417 mu Disembala 2014, masiku ochepa a WADA asanafike ku Moscow, atauzidwa kale kuti awasunge.